Nambala Imodzi

Ku Tsukuba mphepo ya Januwale imaluma zala
ngakhale zili m'magolovesi.
Ndatsika basi yoyamba, ine Tokiko Nabeshima,
ndayatsa getsi la m'chipinda chachinayi
n'kutulutsa kabotolo kanga m'kabati.

Muli madzi akuda bii, ungati inki.
Si inki.
Ndi timachubu ta kaboni, tobooka mkati ngati bango,
toonda moti tsitsi langa limodzi pambali pake
ndi phiri logona chammbali.

Timakondana udyo timeneti.
Ukatisiya timakumbatirana,
timapotana ngati ulusi m'thumba la telala,
ndipo ndani angayeze chinthu chokakamira chinzake?
Choncho dzulo ndinathiramo sopo,
n'kumiza m'madzimo nyanga ya chitsulo
imene imakuwa mawu oti khutu silimva
koma mano amamva.
Theka la ola. Timachubu tinalekana, inde.
Tinathyokanso.

Apa ndiye pagona nkhani:
kuti nditilekanitse ndiyenera kutidula,
ndipo utali umene ndikayeze
ndi wa zotsala m'manja mwanga.

A Pulofesa Inagaki akufuna nambala imodzi pofika Lachisanu.
Fakitale ya mabatire ku Yokkaichi ikudikira, akutero,
ingondiuzani, n'tatali bwanji?

Ndadontheza dontho pa kabenthu ka maika,
ndatsuka, ndaumitsa ndi mpweya.
Singano ya makina yayamba kupapasa,
mzere ndi mzere, mosafulumira,
ngati chala cha wosaona pankhope ya mdzukulu.
Pa sikirini patuluka timizere toyera.
Aka kagona chowongoka, nanomita 640.
Aka kapinda msana ngati mbedza.
Iti tiwiri tapingasana,
sindikudziwa kathera pati kena, kayambira pati kanzake.
Ndidumphe? Ndikadumpha ndanama.
Ndikawerenga ndanamanso, pang'ono.

Shunpei, mnyamata wa chaka choyamba,
akutafuna mpunga wozizira wa m'sitolo ya pakona.
Bwanji osawalitsa leza m'madzi momwemo,
mphindi zisanu basi mwamaliza?
Ndamuuza kuti makina a lezawo
amayesa chilichonse ndi mpira.
Uwapatse ndodo, akuuza kukula kwa mpira
umene ukadasambira ngati ndodoyo.
Waseka. Kenaka wafunsa:
nanga ito mwayanika pa maikato
n'tomwe tija tinali m'madzi?

Sindinamuyankhe.
Nsomba yapathandala siikuuza mmene inkasambirira,
ndipo tatitali tina tapita ndi madzi otsukira,
ndikudziwa, sindinatione.

Lamlungu ndinali ku Tsuchiura, kunyumba yosungirako okalamba.
Namwino anati amayi afupika ndi masentimita atatu.
Iwo anangoti, mwandiyeza nditatopa.
Pamphuthu ya chitseko cha nyumba tinagulitsa ija
panali zipsera za mpeni, chaka ndi chaka.
Chidendene kukhoma, ankatero, chibwano m'mwamba, usapume.
Inenso ankayamba andiwongola
asanadziwe msinkhu wanga.
Mwana wothamanga m'munda wa kabichi uja
palibe anamuyezapo.

Lachinayi usiku ndafika pa 412.
Maso akuwawa, khosi lauma gwa.
Kompyuta yaphatikiza, yagawa,
yandipatsa nanomita 583.
Ndabwerera pamndandanda wonse, m'modzim'modzi,
kufuna kachubu kamene kali ndi utali umenewu.
Palibe ngakhale kamodzi.

Ndalemba nambalayo ndithu, pakuti Lachisanu ndi mawa.
Pansi pake, m'malemba ang'onoang'ono amene a ku Yokkaichi sadzawerenga,
ndalemba dzina la sopo, mphamvu ya nyanga ija,
theka la ola,
ndi titatu tija ndinalephera kutimasula.

Pozimitsa getsi ndakweza kabotolo m'mwamba.
Pansi pake payamba kale kudera,
kamtambo kakang'ono kakusonkhana:
tapezananso mumdima,
tikulumikizana utali wina
umene ndilibe chida choyezera.